Kugawa Mabuku a Munthu Wamoyo

4 Malichi

Mlongo wanga,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tili bwino, mlamu wako ndi ana akupereka moni, ndipo malonda a malata ndi misomali akuyenda mwa chifuniro cha Mulungu. Undiuze za Bambo. Shuga watsika? Miyendo ija yasiya kutupa? Ndasankha kulemba kalata chifukwa foni umandidulira ndisanamalize, koma pepala sungalidule mawu.

Nkhani ndi iyi. Mzikiti wathu watsopano tamaliza kumanga, ndipo pambali pake taikapo chipinda chowerengera. Mashelefu ndinagula ndine, koma mpaka lero alibe buku ndi limodzi lomwe. Pamsonkhano wa komiti ndinaimirira pamaso pa akuluakulu n'kulonjeza kuti mabuku a Bambo abwera kuno ngati sadaka, chopereka cha banja lathu kwa Mulungu. Anthu anayamikira kwambiri, ena anachita kundigwira chanza kawiri. Ndiye usandichititse manyazi.

Bambo saonanso, tisabisane. Mabuku kwa munthu wosaona ali ngati chipeso kwa wadazi. Akungodyedwa ndi njenjete ndi chinyontho, pamene kuno angathandize ana a anthu. A chipembedzo onse uwalongedze m'makatoni, za mayendedwe ndiona ndine.

Ena aja, nthano zopeka za chikondi ndi nkhondo, ndamva kuti umawawerengera Bambo masana onse. Mlongo, munthu wa msinkhu wawo ayenera kukonzekera kukaonana ndi Mlengi wake, osati kumvetsera mabodza a anthu amene sanakhaleko n'komwe. Tchimo limenelo lili pamutu pako, chifukwa pakamwa powerengapo ndi pako. Uwatulutse m'nyumbamo. Usaiwale kuti denga lake ndinakhoma ndine.

Ndidikira yankho lako msanga.

Ine mchimwene wako.

15 Malichi

Achimwene,

Wa alaikumu salamu. Tili moyo. Moni kwa alamu ndi ana, iwo alibe mlandu. Shuga wa Bambo anali atatsika mpaka tsiku limene ndinawawerengera kalata yanu.

Foni ndimadula chifukwa pafoni simulankhula nane, mumandilalikira, ndipo ine ndimakhala ndili ndi nsalu za anthu pamakina. Popeza mwasankha pepala, khalani pansi mumve, nanunso simundidula.

Simunagone m'nyumba muno kuyambira maliro a Mayi, choncho ndikuuzeni mmene tsiku limayendera. M'mawa ndimakhala pakhonde kusoka mayunifolomu ndi madiresi. Tikaswali pemphero la masana ndimavundikira makina n'kulowa kwa Bambo, ndipo ndimapeza atasankha kale buku. Amayendetsa dzanja pashelefu, lililonse amalidziwa ndi kunenepa kwake kapena pamene chikuto chinang'ambika, ena amachita kuwanunkhiza. Zaka zonse zimene ankakonza zolakwa kosindikiza mabuku, malipiro awo ankathera kwa ogulitsa mabuku akale, Mayi n'kumalalata kuti tidzadya mapepala. Zimenezo mukuzikumbukira. Lero maso atha, atsala ndi makutu, ndipo inu mukufuna kutseka amenewonso.

Tsiku lina timawerenga malamulo a malonda ndi maukwati monga anawafotokozera mashehe akale, mawa lake nkhani ya amalinyero osochera panyanja. Ndikalakwitsa liwu la Chiarabu amandibweza ngati kamwana, ngakhale ndili ndi imvi zanga. Tikafika poseketsa amaseka mpaka kutsokomola. Nthawi imeneyo yokha ndi imene sadandaula za miyendo.

Inu Chiarabu munachithawa. Bambo akatiitana kuti tiphunzire, munkatulukira pawindo kupita ku mpira, ine n'kutsala ndekha ndi bango lolozera zilembo. Lero mumatha kutchula mawu pa swala, sindikukana, koma tanthauzo lake mumadikira wina akuuzeni. Nanga buku loyera ndi lodetsedwa mwalisiyanitsa bwanji, poti simunatsegulepo lililonse? Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndipo tisanamizane. Mphekesera zinafika kale kuno kuti mukufuna utcheyamani wa komiti. Kwerani ndi malata anu, musakwerere pamsana pa nkhalamba yosaona. Denga munakhoma, zikomo, tinathokoza nthawi yake. Ngati mwayamba kulifuna bwerani mudzalizule, ife tidzawerengera padzuwa.

Palibe buku limene lituluke muno. Bambo ali ndi mawu awo, ndawaika mu envulopu yomweyi.

Mlongo wanu.

15 Malichi

Mwana wanga,

Mtendere ukhale nawe, ndi mkazi wako, ndi adzukulu anga. Wamng'ono uja wayamba kuwerenga? Undiuze. Dzanja lolembali ndi la mlongo wako, mawu ndi anga, ndipo ndamulamula alembe zonse, ngakhale zimene zikumukwinyitsa nkhope.

Ndamva kuti mzikiti watha. Mulungu akulipire, wachita chinthu chachikulu, ndipo ndinanyadira nditamva.

Za mabuku ndikuuze pang'ono. Ukukumbukira kuti anthu ankabwera pakhonde pano ndi milandu yawo, mwamuna ndi mkazi atafulatirana, abale akulimbirana nyumba. Mabuku a mashehe ankandiuza chimene chili choyenera, ndipo sanandinamizepo. Koma ndili mnyamata ndinkagamula ngati ndikuwaza nkhuni. Anthu ankachoka ndi yankho lolondola, mitima ili yosweka, ndipo ambiri sankabweranso. Nthano zimene ukuzitcha mabodzazo ndi zimene zinandilowetsa m'mutu mwa mkazi wotopa, mwa wakuba wanjala, mwa munthu wansanje amene akudzida yekha. Nditakhala anthu onsewo ndinaphunzira kumvetsera nthawi yaitali ndisanatsegule pakamwa. Mashehe akale enieniwo sankalemba za swala zokha. Analemba za nyenyezi, za mankhwala, za maulendo awo, ngakhale nthabwala. Sankaopa kuti Mulungu achepa akadziwa zambiri za dziko lake.

Sindinayendepo maiko, koma mdima utandigwera sindinapezeke ndekha. M'mutu muno muli anthu ambiri, ena anamwalira kalekale kutali, ndipo mlongo wako akayamba kuwerenga amabwera kudzandichezetsa. Nkhalamba zinzanga zosaona zimangomvetsera matenda awo tsiku lonse.

Ngakhale iwe ndinakumana nawe kale m'mabuku, mwana wabwino wothamangira kukondweretsa Mulungu n'kumaponda anthu panjira. N'chifukwa chake sindinakwiye. Ungodikira, sinditenga nthawi. Ndikapita mudzagawane, mzikiti udzalandire gawo lake, ndipo ndidzakondwa. Koma munthu savulidwa malaya akadali kupuma.

Ndine bambo wako.

2 Epulo

Mlongo,

Moni. Tili bwino, kupatula chimfine chimene chagwira ana.

Makalata onse awiri ndalandira, ndipo onse awiri ndi ako. Dzanja ndi lako, ululu ndi wako, kungoti m'kalata yachiwiri wathiramo shuga. Bambo amene ankandikwapula ndikajomba swala sangaike nthano pamzere umodzi ndi mabuku a chipembedzo. Unazolowera kuwalankhulira kuyambira pamene maso awo anafa, tsopano wayamba kuwaganizira. Za utcheyamani sindikuyankha, Mulungu ndi amene amaona mtima.

Komabe sindikufuna kuti tidane chifukwa cha mapepala. Nkhaniyi tiyiike pambali. Undiuze tsiku limene Bambo akupita kuchipatala kukapimitsa shuga. Zimandipweteka kumva kuti umakwera minibasi ndi munthu wosaona, kumapanikizana ndi katundu wa anthu. Msuweni wathu wa lole adutsa kumeneko mwezi uno. Ndimutuma adzakunyamuleni, abweretsenso thumba la mpunga ndi mafuta ophikira.

Ine mchimwene wako.

10 Epulo

Achimwene,

Moni, ndipo pepani ndi chimfinecho. Anawo muziwamwetsa madzi ofunda.

Kalata ija inali ya Bambo, koma sindilimbana nanu. Tsiku la kuchipatala ndi Lachiwiri pa 22, m'mawa. Za lole zikomo, chifukwa ulendo wathawu kondakitala anawakoka Bambo pamkono ngati mtolo, ine ndinangotsala pang'ono kumenyana naye. Nditawauza kuti mwasiya nkhani ya mabuku anati, "Ndinadziwa, mtima wake si woipa." Mwina nanenso ndinalasa kwambiri m'kalata yanga. Pakamwa panga mumapadziwa.

Mlongo wanu.

23 Epulo

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi lamulo, osati chifukwa ndikufuna. Za umoyo wanu sindifunsa.

Msuweni anabwera nthawi yake, akumwetulira, anawakweza Bambo kutsogolo ngati mfumu. Atatitsitsa pachipata cha chipatala anapempha kiyi kuti akalowetse mpunga m'nyumba. Ndinamupatsa ndi manja awiri, ndikuthokoza. Sanabwerenso. Tinadikira mpaka odwala onse atatha pabenchi, kenaka tinakwera minibasi yomweyo.

Mpunga tinaupeza pakhomo, kiyi ali pansi pa thumba. Bambo analowa m'chipinda mwawo monga mwa masiku onse n'kutambasula dzanja pashelefu. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndinaona kuti mashelefu alibe kanthu iwo asanakhudze. Dzanja linayenda thabwa lonse mpaka kukhoma. Anayesa lapamwamba, anagwada kufufuza lapansi, mawondo otupa aja. Kenaka anandifunsa, "Mwana wanga, kodi talowa nyumba ya eni?"

Mayi a nyumba yoyandikana nafe anaona zonse. Akuti msuweni ndi anzake ankatsegula buku lililonse, kusuzumira kamodzi, n'kuponya kumanja kapena kumanzere. Atamufunsa anati ndi lamulo lanu: la zilembo za Chiarabu lilowe m'katoni, la zilembo za kusukulu lipite pansi. Mulu wapansiwo anakausiya kumsika kwa anthu okulungira malonda.

Ndinathamangira kumsikako ndi nsapato za m'nyumba. Mayi wogulitsa sopo anali akung'amba buku lofotokoza mmene munthu asambire asanaswali. Ndinaona ndi maso anga mtanda wa sopo utakulungidwa m'tsamba limene dzina la Mulungu lalembedwapo kangapo. Wogulitsa makala anali atayatsira kale mbaula yake mbiri ya ophunzira oyamba a Chisilamu. Munkaganiza kuti chipembedzo chimalembedwa m'zilembo za mtundu umodzi? Theka la mabuku a chipembedzo a Bambo linali lomasuliridwa, m'zilembo zomwezi ndikukulemberani. Amenewo ndi amene mwawatumiza kukakulunga sopo ndi nsomba zouma, inu mlonda wa Mulungu. Pamodzi nawo zapita nthano zonse, amalinyero athu aja tinawasiya ali pakati pa nyanja. Ndinayenda benchi ndi benchi kupempha, ena anandipatsa, ena anandiseka. Ndabwera ndi kathumba ka masamba osagwirizana, onunkha nsomba.

Zimene zili m'makatoni mwanu ndikuzidziwa buku ndi buku, koma sindikuuzani. Safunsa anadya phula.

Bambo sanadye dzulo, lero angomwa tiyi. Masana ano ndinavundikira makina mwachizolowezi, ndinalowa, koma chowerenga panalibe, iwo atangogwira m'mphepete mwa bedi. Sanakutukwaneni ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezo zikundipsetsa mtima koposa. Ndiye ndinena ndine m'malo mwawo. Munandifunsa tsiku la kuchipatala ngati mwana wachifundo, ine n'kukupepesani. Ndinu wakuba, Achimwene, wakuba wovala mkanjo woyera. Mpunga wanu ndaupereka kwa aneba, m'nyumba muno sulowa.

Mlongo wanu, poti magazi sasankhidwa.

19 Meyi

Alamu,

Moni wa mtendere. Ndine mkazi wa achimwene anu, ndipo ndikulemba iwo osadziwa. Apongozi ali bwanji? Ayamba kudya? Chonde mundiyankhe ine, chifukwa mwezi wonse mtima wanga uli m'mwamba. Kalata yanu achimwene anu anaiwerenga ataima, anati mukukokomeza monga mwa khalidwe lanu, n'kuiponya mudilowa. Ine ndinaitulutsa, ndinaiwerenga, ndinalira. Za lole zija sindinkazidziwa, Mulungu ndi mboni.

Ndikuuzeni zimene zachitika, popeza eni ake sangakuuzeni. Lachisanu lina, masiku khumi apitawo, swala itatha, anthu anaitanidwa ku chipinda chowerengera kuti makatoni atsegulidwe. Ife amayi tinaima pakhomo. Amuna anga anavala mkanjo watsopano, analankhula nthawi yaitali za ana olemekeza makolo, ndi za mmene anapulumutsira mabuku oyera pakati pa zonyansa. Kenaka anapempha Shehe wamkulu, nkhalamba ya magalasi ochindikala, kuti atsegule.

Shehe anatenga buku lapamwamba, anawerenga chamumtima, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Amuna anga anati, "Shehe, tiwerengereni mokweza, tonse tidalitsike."

Shehe anafunsa, "Mwatsimikiza?"

Anati atsimikiza. Shehe anawerenga m'Chiarabu ndi mawu okoma, amuna anga atakweza manja, ndipo pomaliza anayankha "Amini" mokweza kuposa wina aliyense. Ndiye Shehe anamasulira. Inali ndakatulo ya mnyamata wodandaula kuti mtsikana wa kutsidya kwa msewu samuyang'ana, akuyamikira khosi lake ndi kayendedwe kake. Alamu, anthu anayesa kudzigwira koma zinakanika. Ine ndinabisa nkhope mumpango, sindikudziwa ngati ndinkaseka kapena kulira. Buku lachiwiri linali la mankhwala a mahatchi odwala m'mimba. Lachitatu linali la nthabwala za oweruza aulesi.

Chodabwitsa n'chakuti Shehe sanakwiye. Anapitiriza kufukula, anapeza mabuku akuluakulu a malamulo, ena anati wakhala akuwafunafuna kuyambira ali mnyamata. Ankawasisita ngati ana. Anati, "Mwini mabukuwa anali wophunzira weniweni, sankadyera mbali imodzi. Malemuwa anatisiya liti?"

Amuna anga anati, "Ali moyo, Shehe."

"Ndiye atumiza mawu otani?"

"Saona, sakuwafunanso."

"Anakuuzani okha?"

Amuna anga anayamba kukonzakonza mkanjo wawo. Shehe anabwezera mabuku m'katoni limodzilimodzi, anatseka, n'kunena motsitsa mawu kuti sadaka imachokera m'thumba la woperekayo, ndipo katundu wa munthu wamoyo si cholowa. Anati chotengedwa popanda chilolezo sichingagone m'nyumba ya Mulungu ngakhale chikhale chopatulika bwanji. Analamula kuti abwezedwe, ndipo anapempha kuti tsiku lina adzaloledwe kudzacheza ndi apongozi, ali ndi mafunso. Za utcheyamani palibe anazitchulanso.

Makatoni ali pabalaza pathu, akudikira galimoto. Amuna anga masiku oyamba sanapite kusitolo, ankangoyendayenda m'nyumba kukalipira ana. Kenaka pomanganso makatoni anapeza buku limodzi la zilembo za kusukulu, lopanda chikuto, limene msuweni anatsekera pampata kuti enawo asamagwedezeke panjira. Amuna anga anati akalitaya. Ndinawapeza atakhala pakatoni akuliyang'ana, ati akufuna aone bodza lake. Mpaka lero sanamalize kuliona bodzalo. Amapita nalo kusitolo, dzana anapimira munthu misomali yolakwika, ndipo chakudya chimazizira patebulo.

Sindikuwapemphera chikhululuko, alakwa. Ndingofuna kumva za apongozi.

Mlamu wanu.

1 Juni

Mlongo,

Moni. Ndamva kwa mlamu wako kuti Bambo afooka. Undiuze zoona zake, dokotala akuti chiyani? Foni yanga suyankha.

Makatoni anyamuka mawa, ndi galimoto ina, osati ya msuweni. Onse alimo, sindinachotsemo kanthu. Ukanandiuza zimene zinali m'katimo sindikanayalutsidwa pamaso pa anthu, ndipo zimenezo unachitira dala. Koma Shehe wandiuza kuti kalata ija inalidi ya Bambo. Ndinamuonetsa, anati mawu otere sapekedwa ndi munthu wokwiya. Za sopo zija zimandisowetsa tulo. Sindinkadziwa. Ndikudziwa kuti uyankha kuti sindinafunse.

Pali kanthu kena. Usaseke. Muno munatsala buku limodzi lopanda chikuto, nkhani ya woweruza amene anaweruza munthu wosalakwa, munthuyo n'kufera kundende. Patapita zaka woweruzayo atasauka akukachita lendi chipinda kwa mkazi wamasiye wa munthu yemweyo, atabisa dzina. Mayiyo akumuphikira, akumuchapira, akumuuza za mwamuna wake. Ndinayamba kuti ndione chimene chimawakoka Bambo. Poyamba ndinkamuda woweruzayo, kenaka ndinapezeka ndikumuopera, sindikudziwa kuti zinatembenuka pati. Pa tsamba lomaliza mayiyo wadziwa zonse, waima pakhomo pa chipinda chake, ndipo pansi palembedwa kuti mapeto a gawo loyamba.

Gawo lachiwiri lili kumeneko? Ngati lilipo unditumizire, ndidzabweza. Ngati palibe, ungondiuza m'mizere iwiri. Anamuthamangitsa, kapena anamukhululukira? Ndafunsa m'masitolo a mabuku kuno, popanda chikuto palibe akulidziwa.

Ine mchimwene wako.

11 Juni

Achimwene,

Moni. Alamu ndawayankha paokha, ndi munthu.

Makatoni afika. Ndabwezera mabuku m'malo mwake mmene ndikukumbukira, ndipo adzaza theka la mashelefu. Theka linalo ndaikamo nsalu za makasitomala kuti dzanja la Bambo lisamagwere m'mphako. Koma masiku ano safikanso pashelefu. Patangopita masiku ochepa chichokereni lole yanu anagwa pobwera kosamba, ndipo mbali ya kumanja yafooka. Dokotala akuti ndi kuthamanga kwa magazi, sananene kuti ndinu, ine ndi amene ndikunena. Ndimawawerengera ali chigonere. Dzana ndinalakwitsa dala liwu la Chiarabu kuti andibweze, sanandibweze.

Gawo lachiwiri mukulifunalo linali pamulu wapansi. Kafunseni kwa ogula sopo, mwina aliyense ali ndi tsamba lake. Sindinaseke, musaope. Ndinakwiya kuti nkhani imene ine ndi Bambo tinkaisungira kuti tidzaibwereze nyengo yozizira yakakomera inu, pamene ife tatsala opanda ngakhale gawo loyamba.

Kalata yanu ndinawawerengera, ngakhale sindinkafuna. Pa za makatoni sanasinthe nkhope. Nditafika pa woweruza anatsegula maso akufa aja, pakamwa n'kupotoka, ndinaganiza kuti akudwalanso, koma kunali kuseka. Mawu awo tsopano amatuluka limodzilimodzi, ndipo ndimachita kuika khutu pakamwa. Anati, "Wafika pakhomo paja?" Ndinati eya. Kenaka anati, "Usamuuze. Abwere nalo. Andiwerengere kuyambira poyamba, ndidzamalizitsa ndine."

Ndawalonjeza, ndipo lonjezo limeneli silindivuta kusunga. Mathero ake ndikuwadziwa, ndinawawerenga ndi pakamwa panga kawiri. Anthu owadziwa amene mungawapeze tilipo awiri, ndipo mmodzi mawu akumuthera tsiku ndi tsiku. Dzulo tsiku lonse anangopempha madzi.

Ine sindinakukhululukireni, musabwere ndi chiyembekezo chimenecho. Ndidzakutsegulirani chitseko, ndidzakuikirani mpando pafupi ndi bedi, n'kubwerera ku makina anga. Bukulo ndi lalitali, ndipo inu mumawerenga mochedwa, choncho musadikire kuti sitolo ipeze woyang'anira. Mukachedwa mudzakhala moyo wanu wonse mayiyo ataima pakhomo paja, chifukwa ine sindidzakuuzani.

Mlongo wanu.